Wide FM ku Tokyo: masiteshoni a AM pamafunde amene kanema anasiya

Wide FM ndi njira imene masiteshoni a wailesi a AM ku Japan amaulutsira mapologalamu awo omwewo pa FM, pogwiritsa ntchito gawo la mafunde limene kale linali la wailesi ya kanema. Mu Tokyo ntchitoyi inayamba pa 7 Disembala 2015, tsiku limene TBS Radio inamveka pa 90.5 MHz, Bunka Hoso pa 91.6 MHz ndi Nippon Hoso pa 93.0 MHz, onse atatu akuulutsa kuchokera pansanja ya Tokyo Skytree. Ndimaimvera tsiku lililonse kunyumba komanso poyenda, ndipo maganizo anga ndi akuti kwa munthu wokhala mkati mwa mzinda waukulu, palibe kusintha kwina kumene kunathandiza wailesi wamba kuposa kumeneku. Komabe kumveka bwino kwake kwachititsa eni masiteshoni kuganiza kuti AM yatha ntchito, ndipo pamenepo sindikugwirizana nawo.

Malo amenewa anapezeka chifukwa cha mmene dziko la Japan linagawira mafunde ake kalelo. M'mayiko ambiri FM imayambira pa 87.5 MHz kulekeza pa 108 MHz, koma ku Japan inkayambira pa 76 kulekeza pa 90, ndipo kuyambira pa 90 mpaka 108 panali matchanelo atatu oyambirira a kanema wa analogi, iliyonse yotenga 6 MHz. Mu Tokyo, NHK, bungwe loulutsa wailesi ndi kanema m'dziko lonse la Japan, inali ndi tchanelo 1 ndi tchanelo 3. Kanema wa analogi atazimitsidwa pa 24 Julaye 2011, ndiponso pa 31 Malichi 2012 m'zigawo za Iwate, Miyagi ndi Fukushima zimene zinapatsidwa nthawi yoonjezera chifukwa cha chivomerezi cha mu Malichi 2011, malo okwana 18 MHz anatsala opanda mwini, moyandikana ndendende ndi malire a FM. Siteshoni imodzi ya FM imangofuna malo okwana pafupifupi 200 kHz, choncho ngakhale tchanelo imodzi yokha ya kanema ili ndi mpata wokwanira masiteshoni angapo. Unduna woona za m'dziko ndi kufalitsa mauthenga unadula gawo loyambira pa 90.0 mpaka 94.9 MHz n'kulipereka kwa masiteshoni a AM, ndipo oyamba kuligwiritsa ntchito anali a ku Toyama ndi ku Matsuyama mu Disembala 2014. Nagoya inatsatira mu 2015, ndipo Osaka inayamba mu Malichi 2016 kuchokera paphiri la Ikoma.

Kuti munthu amvetse ubwino wa Wide FM ayenera kudziwa kaye mmene AM imamvekera m'nyumba za konkire za mu Tokyo. Chipinda changa chili pansanjika yam'munsi, ndipo nyumba zina zazitali zinachizungulira mbali zitatu. Ndikatsegula TBS Radio pa 954 kHz masana, mawu amamveka ndithu, koma pansi pawo pamakhala phokoso losalekeza ngati la mafuta akuwira m'chiwaya. Ndikayatsa getsi la LED la padenga phokosolo limakwera, ndikalumikiza chaja ya foni limakweranso, ndipo makina oziziritsa m'chipinda akayamba kugwira ntchito mawu a muulutsi amamira kotheratu. Mkati mwa wailesi ya AM muli kamtengo kachitsulo kokulungidwa ndi waya kamene kamagwira mafunde molingana ndi kumene kaloza, ndiye womvera amakhalira kuzungulitsa wailesi patebulo, kufunafuna mbali imene phokoso lachepa, kenako n'kuisiya itapendekeka pafupi ndi zenera. Vuto silili ndi siteshoni, chifukwa TBS Radio, Bunka Hoso ndi Nippon Hoso onse amaulutsa pa AM ndi mphamvu ya 100 kW. Vuto ndi lakuti mafunde a 954 kHz ndi aatali mamita opitirira 300, salowa bwino m'nyumba zomangidwa ndi zitsulo ndi konkire, ndipo zipangizo zamagetsi zamakono zimatulutsa phokoso lambiri pamafunde omwewo. AM imanyamula mawu posintha kukula kwa funde, motero phokoso lililonse lamagetsi limene lawonjezereka pafundelo limamveka ngati gawo la pologalamu.

Ndikasinthira pa 90.5 MHz, m'chipinda chomwecho, getsi lili chiyakire ndipo chaja ili chilumikizire, phokoso lonse lija limazimirira. Pologalamu ndi yomweyo, muulutsi ndi yemweyo, nthawi ndi yomweyo, koma tsopano mpweya wake umamveka akamapuma pakati pa ziganizo, ndipo akatembenuza pepala m'situdiyo khutu limagwira. FM imanyamula mawu posintha liwiro la kugwedezeka kwa funde osati kukula kwake, n'chifukwa chake phokoso la zipangizo za m'nyumba siliikhudza kwenikweni, komanso mafunde ake, amene ndi aatali mamita atatu ndi pang'ono, amalowa pazenera mosavuta. Eliyo ya wailesi yanga ndimangoisolola theka n'kuipendeketsa cha kuzenera, basi. Skytree ndi yaitali mamita 634, ndipo kutalika kumeneku n'kumene kumachititsa kuti mphamvu ya 7 kW yokha ikwanire mzinda wonse ndi madera ouzungulira.

Kusiyanaku kumaonekera kwambiri pazinthu ziwiri. Choyamba ndi mawu olankhula. Masiteshoni a AM ku Japan ndi a macheza, nkhani, mafoni a omvera ndi nthabwala, ndipo kwa ife amene Chijapani tinachiphunzira titakula, kumva bwino kumapeto kwa liwu ndi nkhani yaikulu, pakuti m'chinenerochi kukana kapena kuvomera kumadziwika kumathero a chiganizo. FM imanyamula mawu mpaka 15 kHz, pamene AM imadula mawu okwera onse, ndipo zilembo zina zimafanana zikamamveka pakati pa phokoso. Mapologalamu a usiku monga All Night Nippon, imene Nippon Hoso yakhala ikuulutsa kuyambira 1967, amakhala ndi anthu olankhula mofulumira ndi molowererana, ndipo pa AM ndinkagwira mutu wa nkhani wokha, pamene pa FM ndimatha kutsatira amene wayankha mnzake. Chachiwiri ndi masewero a baseball, amene Bunka Hoso ndi Nippon Hoso amaulutsa madzulo m'nyengo yake. Pa FM ya sitiriyo, munthu atavala zomvera za m'makutu, ng'oma ndi malipenga a ochemerera zimamveka kumbali ina, kulira kwa ndodo ikamenya mpira kumamveka pakati, ndipo chiphokoso cha khamu chimafalikira kumanja ndi kumanzere pamene wofotokoza masewero akukweza mawu. Munthu amene anazolowera kumvera mpira pawailesi kwathu adziwa kuti theka la chisangalalo ndi phokoso la bwalo, ndipo Wide FM imalibweretsa lonse.

Ntchitoyi ndi yaulere. Palibe kulembetsa, palibe bandulo, ndipo ndalama imene anthu amalipira ku NHK ndi ya kanema, wailesi siilipiridwa.

Boma silinapereke malowa chifukwa cha kukoma kwa mawu kokha. Chivomerezi ndi tsunami za pa 11 Malichi 2011 zinaonetsa kuti magetsi akazima ndipo mafoni akadzaza, chimene chimatsala ndi wailesi ya mabatire, komanso zinakumbutsa anthu kumene milongoti ya AM imamangidwa. Mlongoti wa AM umafuna malo aakulu athyathyathya ndi nthaka yachinyontho, n'chifukwa chake yambiri ili m'mbali mwa mitsinje ndi m'mphepete mwa nyanja, kumene madzi amafika koyamba. Wa TBS Radio uli ku Toda, wa Bunka Hoso ku Kawaguchi, onse m'chigawo cha Saitama, ndipo wa Nippon Hoso uli ku Kisarazu m'chigawo cha Chiba. Makina a FM amaikidwa pamwamba pa nsanja kapena paphiri, choncho siteshoni yokhala ndi zonse ziwiri ikhoza kupitiriza kulankhula ngakhale imodzi itawonongeka. M'madera oyang'anizana ndi Korea, China ndi Russia panalinso vuto lina, loti usiku masiteshoni amphamvu a mayiko amenewo amalowerera pamafunde a AM a ku Japan. Zifukwa zimenezi ndi zomveka, ndipo zonse zikusonyeza kuti cholinga choyambirira chinali kuwonjezera FM pamwamba pa AM, osati kuchotsa AM.

Chopinga chachikulu cha Wide FM chili pa wailesi yeniyeniyo, ndipo nkhaniyi aliyense amene anayendetsapo galimoto yochokera ku Japan ku Lilongwe, ku Blantyre kapena ku Lusaka akuidziwa bwino. Wailesi ya m'galimoto zimenezi imayambira pa 76 n'kulekera pa 90, moti dalaivala amangogwira masiteshoni ochepa amene ali m'munsi mwa 90, ena onse osafikika, mpaka atapita kwa amagetsi a galimoto kukaikitsa konveta kuseri kwa wailesiyo. Konvetayo imatsitsa mafunde onse kuti akwane m'malire a wailesi, ndipo nambala imene imaoneka pagalasi sigwirizananso ndi imene muulutsi akutchula. Wailesi zomwezo, zimene zili zambirimbiri m'galimoto zakale ndi m'makhitchini a ku Japan, sizingagwire 90.5, 91.6 kapena 93.0. Anthu a ku Japan anayamba kukumana ndi vuto limene ife tinalizolowera kalekale, ndipo nawonso tsopano amagulitsidwa makonveta. Galimoto ndi mawailesi opangidwa m'zaka zaposachedwapa amafika pa 95 MHz kapena kupitirira, koma wailesi ndi chinthu chokhalitsa, ndipo agogo amene anagula yawo zaka makumi awiri zapitazo saona chifukwa choitayira pamene ikulankhulabe.

Pali zinthu ziwiri zimene zinachepetsa vutoli, ndipo zonse n'zothandiza kwa wobwera kumene. Mawailesi ambiri akale a ku Japan anapangidwa kuti azigwiranso mawu a kanema wa matchanelo 1 mpaka 3, motero singano yawo imayenda mpaka 108 MHz, ndipo amenewa amagwira Wide FM popanda kusintha kalikonse. Amene amasuntha ndi singano ndiwo odalirika pankhaniyi, chifukwa ena a mabatani amadumpha kuchoka pa 90 kupita patchanelo ya kanema osaima pakati. Komanso wailesi imene munthu wabwera nayo kuchokera ku Malawi, ku South Africa kapena ku Britain, yoyambira pa 87.5 mpaka 108, imagwira masiteshoni onse a Wide FM mu Tokyo pamodzi ndi InterFM imene ili pa 89.7. Imene singagwire ndi Tokyo FM pa 80.0, J-Wave pa 81.3 ndi NHK FM pa 82.5. Kale wailesi yotereyi inali yopanda ntchito kwenikweni ku Japan, koma lero ikhoza kupatsa mwini wake nkhani, zanyengo ndi machenjezo a chivomerezi.

Kwa wogula yatsopano, langizo langa ndi lakuti ayang'ane manambala amene alembedwa pabokosi, osangokhulupirira chizindikiro cha Wide FM chimene masitolo a zamagetsi amamata. Wailesi yabwino ndi yoyambira pa 76 mpaka 108 MHz, chifukwa idzagwiranso ntchito akadzabwerera nayo kwawo, pamene yolekera pa 95 idzamusiya ndi masiteshoni ochepa okha. Ikhale ndi AM, ndipo iziyendera mabatire wamba ogulika pasitolo iliyonse. Timawailesi tating'ono kwambiri ta m'thumba timagwiritsa ntchito chingwe cha zomvera za m'makutu ngati eliyo, ndiye chingwecho chikakulungidwa kapena chikachotsedwa FM imafooka. Ndili nako kamodzi kotsika mtengo kamene pafupi ndi Skytree kamasokonezeka, siteshoni imodzi n'kumamveka pamalo angapo chifukwa mphamvu yachuluka, ndipo ndinaona kuti kufupikitsa eliyo ndiko kumathandiza. Mawailesi amtengo wapakati alibe vuto limeneli.

Zofooka za ntchitoyi zimayamba kuoneka munthu akangotuluka mumzinda. Mafunde a FM amayenda molunjika, ndipo phiri likaima pakati pa womvera ndi nsanja, mawu amayamba kuduka. Pasitima kapena pagalimoto yolowera kumapiri a kumadzulo kwa Tokyo, 90.5 imayamba ndi kutaya sitiriyo, kenako kumabwera kaphokoso kosefukira pakona iliyonse, ndipo m'zigwa imasoweratu, pamene 954 kHz ikumvekabe bwinobwino, mwinanso kuposa mmene imamvekera m'chipinda changa chifukwa kumeneko zipangizo zosokoneza n'zochepa. Usiku kusiyanaku kumakula. Mafunde a AM amanjanja kumwamba n'kugwera kutali, moti masiteshoni a ku Tokyo amamveka m'zigawo za kutali makilomita mazanamazana, ndipo achinyamata a kumidzi akhala akumvera mapologalamu a usiku mwa njira imeneyi kwa zaka zambiri. FM ilibe mwayi umenewu. Kuti ifike kumene mlongoti umodzi wa AM umafika, pamafunika timilongoti tambiri tothandizira, ndipo kalikonse kamafuna malo, magetsi, wokonza ndi nambala yakeyake, imene dalaivala ayenera kuifufuza akawoloka phiri. Chinanso chofunika kudziwa ndi chakuti siteshoni ya AM ya NHK, imene anthu ambiri amathamangirako chivomerezi chikachitika, mu Tokyo imamveka pa 594 kHz ndipo siili m'gulu la masiteshoni a Wide FM a pa Skytree. Wailesi ya FM yokha siyokwanira kuikidwa m'chikwama cha pangozi.

Ena amafunsa chifukwa chovutikira ndi eliyo pamene pali radiko, ntchito ya pa intaneti imene inayamba mu 2010 ndipo imaulutsa masiteshoni omwewa pafoni ndi pakompyuta. Ndimaigwiritsa ntchito m'sitima zapansi pa nthaka, kumene FM sifika, ndiponso pofuna kumvera pologalamu imene inandidutsa. Koma mawu ake amachedwa ndi masekondi ambiri poyerekeza ndi a wailesi, ndipo m'dziko limene chenjezo la chivomerezi limabwera masekondi ochepa nthaka isanagwedezeke, kuchedwa kumeneko si nkhani yaing'ono. Imadyanso batire la foni ndi bandulo, ndipo imadalira netiweki imene pangozi imadzaza msanga. Wide FM imafika nthawi yomweyo kwa anthu mamiliyoni popanda kudzaza.

Pa kagawidwe ka malowa ndili ndi dandaulo. Mwa 18 MHz imene kanema anasiya, FM inapatsidwa 5 MHz yokha poyamba, ndipo gawo lapamwamba, kuyambira 99 mpaka 108 MHz, linasungidwira njira yatsopano ya dijito yotchedwa i-dio, imene inayamba mu 2016 n'kutsekedwa mu Malichi 2020. Inkafuna chipangizo chake chapadera chimene anthu ambiri analibe, ndipo sinapeze omvera okwanira. Wide FM inayenda bwino chifukwa inagwiritsa ntchito luso lakale limene aliyense akulidziwa, pamafunde amene mawailesi ambiri ankafika kale kapena akanafika ndi kusintha kochepa. Ndikuona kuti malo apamwambawo akanapindulitsa anthu kwambiri akanaperekedwa ku FM wamba kuyambira pachiyambi. Komanso 5 MHz imene inaperekedwayo inapita kwa masiteshoni amene analipo kale, motero womvera wa mu Tokyo anapeza mawu oyera koma sanapeze mawu atsopano. Mzinda waukulu chonchi, wokhala ndi anthu ochokera kumayiko ambiri, uli ndi masiteshoni ochepa pa FM poyerekeza ndi Johannesburg kapena London, ndipo mpata umenewu ukanatha kutsegulira khomo masiteshoni a zinenero zina.

Dziko la Brazil linachita zofanana koma mbali inayo ya malire. Kumeneko matchanelo 5 ndi 6 a kanema anali pakati pa 76 ndi 88 MHz, ndipo analogi itazimitsidwa m'mizinda ikuluikulu, FM inafutukulidwa kutsika mpaka 76.1 MHz mu Meyi 2021, makamaka chifukwa m'mizinda ngati São Paulo munalibenso malo osamutsirako masiteshoni a AM. Vuto la mawailesi osafika pamafunde atsopano liliponso kumeneko. M'mayiko a kum'mwera kwa Africa njirayi singatengedwe mmene ilili, chifukwa FM ili kale ndi gawo lonse la 87.5 mpaka 108, ndipo mafunde amene kanema ankagwiritsa ntchito sanali moyandikana nalo, choncho wailesi wamba singawafikire.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi kumene ntchitoyi ikulowera. Mu Juni 2021, masiteshoni 44 mwa masiteshoni 47 a AM amene si a boma analengeza kuti akufuna kukhala a FM pofika m'chaka cha 2028, ndipo atatu amene sanalowe nawo ndi awiri a ku Hokkaido ndi imodzi ya ku Akita, madera aakulu a anthu okhala motalikirana. Kuyambira pa 1 Febuluwale 2024, makampani 13 anayamba kuzimitsa milongoti ina ya AM mongoyesera, kuti aone mmene omvera akhudzidwire. Zifukwa zawo n'zoona. Milongoti ya AM ndi yakale, kuimanganso kumafuna malo aakulu ndi ndalama zambiri, magetsi oyendetsera 100 kW si ochepa, ndipo ndalama za otsatsa malonda pawailesi zinatsika kwambiri poyerekeza ndi zaka za m'ma 1990. Kuyendetsa njira ziwiri nthawi imodzi ndi katundu wolemera kwa kampani yaing'ono ya m'chigawo. Koma amene adzataye AM ikazima si ine amene ndimakhala pansi pa Skytree. Ndi msodzi amene ali panyanja kutali ndi gombe, dalaivala wa lole amene amadutsa m'mapiri usiku, mlimi wa m'chigwa chimene nsanja siichiona, ndi okalamba amene wailesi yawo imalekera pa 90. Anthu amenewa sakonda kulemba madandaulo pa intaneti, ndipo kuyesera kumene kumawerenga madandaulo okha kukhoza kuonetsa ngati palibe amene wakhudzidwa. Ndikanakonda kuti mlongoti uliwonse wa AM usazimitsidwe mpaka dera lake lonse litayesedwa ndi wailesi wamba ya mabatire m'nyumba za anthu, osati ndi makina a akatswiri pamsewu, ndiponso kuti m'chigawo chilichonse mutsale mlongoti umodzi wamphamvu wa siteshoni imene si ya boma, kuti pangozi anthu asadalire NHK yokha.